Tsiku limene GPS ya malemu inalankhula

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene munabalalika, ena ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, ena ku Joni. Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Lero ndabwera ndi nkhani ya makompyuta, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuyasamula. Khalani pansi kaye. Mawu ovuta alimo ndithu, koma nkhaniyi ikukhudza munda wa munthu, ikukhudzanso mnzathu uja amene anaphunzitsa ambiri a inu Geography.

Amene munali pasukulu pano cha m'ma 2008 mukukumbukira kachipangizo kachikasu kamene malemu ankayenda nako m'thumba la shati. Inali GPS ya Garmin, mtundu wa eTrex, yolowa mabatire awiri a AA. Anawasiyira mzungu wina amene anadzaphunzitsa sayansi zaka ziwiri n'kubwerera kwawo. Loweruka likakwana, malemu ankatenga ana a kalabu yawo n'kutsika nawo kudambo la Limphasa. Ankazungulira minda ya mpunga, mijigo, milatho, manda, mpaka kumsewu wa ku Chintheche. Akafika pamalo ankadina batani n'kulemba dzina la malowo. Kachipangizoka kamalola zilembo 6 zokha pa dzina, ndipo kamasunga malo mpaka 500. Ife mu staff room tinkawaseka kuti akufuna kulanda ntchito ya oyeza malo a boma.

Malemu anatisiya mu 2021. Akazi awo, amene ine ndimawatchula kuti alamu, anakhalabe kuno ndi ana, akulima munda umene banjali linapatsidwa kunja kwa sikimu, m'mphepete mwa dambo. Mvula ya kumayambiriro kwa 2024, kamtsinje kamene kanali malire a mundawo kanasefukira n'kudzipangira njira ina. Madzi ataphwa, matope anali atakwirira zonse, ndipo nkhadze za m'malire zinali zitapita. Oyandikana nawo anati malire ndi mtsinje, ndipo mtsinjewo ndi uwo aliyense akuuona. Alamu anati ayi, malire ndi pamene madzi ankadutsa kale. Pakati pa njira ziwirizo panatsala chigawo cha nthaka yabwino, yokwana kupereka matumba angapo a mpunga, ndiye kuti fizi ya mwana. Amfumu anati nkhaniyi adzaimva mvula isanagwe, aliyense abwere ndi mboni zake.

Tsiku lina mu Ogasiti, sukulu itatsekera, alamu anafika kunyumba kwanga atakulunga kabokosi m'chitenje. M'katimo munali GPS ija, chingwe chake, ndi CD.

"Alamu," anatero, "anzanu aja anazungulira munda uja ndi kawayilesi aka. Ndinawaona ndi maso angawa. Inu mumadziwa za makompyuta, takafunseni kanene."

Ndinayankha kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mawu amenewo ndinawameza pambuyo pake.

Nditaika mabatire atsopano, kanayaka ngati kazimitsidwa dzulo. Zosungidwa m'menemo sizifufutika mabatire akatha. Vuto linali pagalasi. Mizere yambiri inali itafa, moti mawu akuluakulu ndinkatha kuwaganizira, koma manambala ang'onoang'ono ayi. 3 ndi 8 zinkaoneka chimodzimodzi. Pa manambala a GPS, kuphonya imodzi kungakuchotse ku Limphasa n'kukakuika pakati pa nyanja, panjira ya ku Likoma. Njira yodalirika inali imodzi yokha, kukoka zonse kudzera pachingwe.

Chingwecho n'chimene chinayambitsa ulendo wonse. Kumapeto kwake kulibe USB. Kuli pulagi ya timabowo 9 yolowa pa serial port. Amene munaphunzira pa makompyuta akale a mphatso aja mukukumbukira malo a timano 9 kumbuyo kwa bokosi. Njira imeneyi, imene dzina lake ndi RS-232, ndi ya zaka za m'ma 1960, yakale kuposa ambiri a ife. Imatumiza uthenga pa waya mmodzi, kachidutswa kamodzi pambuyo pa kanzake, ngati ana akuwoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Mwa timano 9 tija, GPS imagwiritsa ntchito titatu: ka 2 kolandira, ka 3 kotumiza, ndi ka 5 ka ground. Ndi njira yochedwa koma yosavuta kumvetsa. Tsoka lake, makompyuta athu a mphatso aja onse anafa kalekale, ena ndi dzimbiri la chinyezi cha kunyanja, ena ndi makoswe. Laputopu yanga ilibe malo otero, ndipo sindikudziwa ya mnzanga aliyense imene ili nawo.

Ndinakwera galimoto kupita ku Mzuzu kukagula adaputa, kachingwe kamene mbali ina ndi USB, mbali ina timano 9. M'kati mwake muli kachip kamene ntchito yake ndi yotanthauzira, chifukwa USB ndi serial zimasiyana ngakhale pa mphamvu ya magetsi: USB imayendera 5 V, pamene RS-232 imasinthasintha pakati pa positive ndi negative, kuyambira 3 V mpaka 15 V. Wogulitsayo ananditsimikizira kuti imagwira pa chilichonse. Pamodzi ndi adaputayo panali ka CD kakang'ono ngati chitumbuwa.

Vuto lachiwiri linali pulogalamu. CD ya malemu inali ya MapSource, pulogalamu ya Garmin ya pa Windows. Ine laputopu yanga ndinaikamo Ubuntu kalekale, nditatopa ndi mavayirasi a m'mafulashi amene timabwerekana nthawi yolemba mayeso. Kompyuta ya ku ofesi ya ahedi ili ndi Windows, koma m'menemo ndi mmene mumakhala malikisi a sukulu yonse, ndipo sindinafune kuyeseramo zinthu zogula pamsika. Ndiye ndinaganiza zogwiritsa ntchito virtual machine.

Kwa amene simunaionepo, virtual machine ndi kompyuta ya m'kati mwa kompyuta. Pulogalamu imodzi imanamiza Windows kuti ili m'bokosi lakelake, chonsecho ndi zenera chabe pa laputopu yako. Ine ndimaifanizira ndi munthu wa lendi. Ali ndi chipinda chake, amaphika zake, koma geti, mpope ndi mita ya magetsi ndi za landilodi. Chilichonse chochokera kunja chimayamba chafika kwa landilodi, ndipo wa lendiyo amachiona pokhapokha landilodi atamupatsira. Pulogalamu imene ndinagwiritsa ntchito ndi VirtualBox, imene kampani ya ku Germany ya innotek inatulutsa kwaulere mu 2007, isanagulidwe ndi Sun mu 2008, kenako n'kupita kwa Oracle mu 2010. Wa lendi wanga anali Windows XP ya mu 2001, yochokera pa CD ya makompyuta akufa aja, imene ndinawerenga ndi DVD drive yobwereka. Microsoft inasiya kusamalira XP mu Epulo 2014, choncho ndinaithimira intaneti kuyambira tsiku loyamba. Madzulo oyamba anathera pamenepo, kuphatikizapo kulowa mu BIOS kukayatsa VT-x, popeza popanda imeneyo VirtualBox inkakana kudzutsa mlendo wake.

Madzulo achiwiri ndinayesa njira imene inkaoneka yachidule, yopereka adaputa yonse kwa XP ngati chipangizo cha USB. Nditayang'ana pa mndandanda wa zipangizo za USB mu VirtualBox, munalibe kanthu. Ndinazula, kubwezera, kusintha bowo, kuuzira mpweya ngati mmene tinkachitira ndi makaseti, osatheka. Apa m'pamene ndinavomereza kuti mutu umodzi susenza denga, n'kulembera pa WhatsApp mnyamata wina wa kalabu ija amene anamaliza Fomu 4 mu 2010 ndipo lero amakonza makompyuta ku Johannesburg. Sinditchula dzina. Akudzidziwa, ndi uja ankagona mu Physical Science ya masana.

Atamva kuti ndi GPS ya malemu, anaimba foni yekha ndi mayunitsi ake. Anandiuza kuti pa Ubuntu, munthu amene sali m'gulu lotchedwa vboxusers saloledwa kupereka USB kwa virtual machine. Ndinalemba sudo usermod -aG vboxusers ndi dzina langa la pakompyuta, n'kutuluka n'kulowanso, chifukwa gulu latsopano siliwerengedwa usanatero. Adaputa inaonekera. Ndinaiikira USB filter kuti XP iziitenga yokha ikangoyaka. XP inalira kabelu kake kaja, n'kunena kuti yapeza chipangizo chatsopano, ndipo ikufuna driver. Ka CD kachitumbuwa kaja kanali ndi mafoda ambirimbiri a zinthu zina, koma driver yogwirizana ndi adaputa yanga sinapezeke. Magetsi anathima ndili pakati posaka, ndipo ndinakagona nditakwiya.

M'mawa mwake mnyamata uja anabwera ndi nzeru ina. Anati tisiye kuphunzitsa XP za USB. Ubuntu imadziwa kale timachip tambiri ta maadaputa popanda CD iliyonse. Ndiye landilodi agwire adaputayo yekha, kenako apatsire wa lendi ngati serial port wamba, COM1, imene XP imaidziwa chibadwire. Mu VirtualBox zimenezi zili pa Settings, pa Serial Ports. Umasankha COM1, imene imabwera ndi IRQ 4 ndi adiresi ya 0x3F8, pa Port Mode n'kusankha Host Device, ndiye n'kulemba dzina limene Ubuntu yapatsa adaputayo, /dev/ttyUSB0.

Koma nditafufuza, /dev/ttyUSB0 kunalibe.

"Sala, lembani sudo dmesg, munditumizire chithunzi cha mizere yomaliza."

Ndinatumiza.

"Sala, mwawerenga zimene yalemba, kapena mwangojambula?"

Ndinakhala chete. Mawu amenewo ndi anga. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira ana kuti werengani funso musanayankhe. Nditawerenga modekha, nkhani yonse inali pomwepo. Mzere wina unkati kachip ka ch341 kalumikizidwa pa ttyUSB0. Mzere wotsatira unkatchula brltty. Wachitatu unkati kachotsedwa. Brltty ndi pulogalamu yothandiza anthu osaona kuwerenga za pakompyuta pa makina a zilembo za braille. Ena mwa makina amenewo amagwiritsa ntchito kachip kofanana ndi ka m'adaputa yanga, ka CH340, ndiye pa Ubuntu 22.04 pulogalamuyo ikangoona kachipko imakalanda poganiza kuti kwabwera munthu wofuna thandizo. Inkachita ntchito yake mokhulupirika, kungoti pamalo olakwika. Ndinaichotsa ndi sudo apt remove brltty. Chonde aphunzitsi anzanga amene muli ndi ophunzira osaona, musachite zimenezi pa kompyuta imene iwo amagwiritsa ntchito.

Tsopano ttyUSB0 inaoneka n'kukhazikika. Ndinayatsa XP, ndipo VirtualBox inakana, inati VERR_ACCESS_DENIED. Ulendo uno ndinawerenga ndekha: chitseko chilipo koma ndilibe kiyi. Gulu lina linkafunika, la dialout, dzina lotsalira nthawi imene anthu ankaimba intaneti pa foni ya waya. Ndinadzilowetsamo, kutuluka, kulowanso. Ndinayatsanso XP, ndipo ttyUSB0 inasowanso pamaso panga. Apa ndinadzigwira ndekha ndisanafunse ku Joni. USB filter ya dzulo ija ndinali ndisanaichotse. XP ikangoyaka inkalanda adaputa kudzera pakhomo la USB, ndipo ikatero landilodi ankatsala opanda choti apatsire pakhomo la serial. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Njira ziwirizi sizitheka nthawi imodzi, uyenera kusankha imodzi n'kutseka inayo. Nditafufuta filter, XP inayaka bwinobwino, ndipo mu Device Manager munali COM1 yopanda kachizindikiro kachikasu.

Ndinalumikiza GPS, kutsegula MapSource, kudina Find Device. Inafufuza, n'kunena kuti sinapeze kanthu.

Loweruka limenelo ndinatsala pang'ono kubweza kabokosi kwa alamu. Ndinali nditayamba kukonza mawu opepesa. Chimene chinandibweza ndi chizolowezi cha mu labu. Babu likakana kuyaka, sititaya dera lonse, timayesa chidutswa chimodzi chimodzi. Pakati pa MapSource ndi GPS panali XP, VirtualBox, Ubuntu, adaputa, ndi chingwe. Ndinachotsa GPS ndi chingwe chake, n'kutenga kawaya komangira mapepala, kulumikiza kadzino ka 2 ndi ka 3 pa adaputa, kuti zimene zatuluka zibwerere pomwepo. Ndinatsegula HyperTerminal, imene imabwera ndi XP, kusankha COM1, liwiro 9600, flow control None. Ndinalemba kuti moni. Pagalasi panatuluka moni. Nditachotsa kawaya n'kulembanso, sipanatuluke kanthu. Ndinabwezera, zilembo zinabwerera. Anzanga a sayansi mukudziwa kukoma kwa control yotere. Ndinadziwa kuti kuchokera mu XP mpaka kutimano ta adaputa msewu uli bwino. Vuto linatsala pachingwe kapena pa GPS yeniyeniyo.

Ndinalumikizanso GPS, HyperTerminal ili chitsegulire. Pagalasi panayamba kuyenda zinyalala, tizizindikiro topanda tanthauzo. Ndinasangalala, chifukwa zinyalala zimatanthauza kuti kuli wina akulankhula. Pa serial, mbali ziwiri zikasiyana liwiro zimamvana ngati wailesi yosachunidwa bwino. Ndinatsitsa liwiro kufika pa 4800, ndipo mizere yoyera inayamba kutsika: $GPRMC, $GPGGA, mzere ndi mzere osalekeza. Imeneyi ndi NMEA, chilankhulo chimene zida za m'sitima zapamadzi zimagwiritsa ntchito pouzana malo. GPS ija inkangonena pamene ili, osamvera mafunso. MapSource inkafunsa m'chilankhulo cha Garmin pa 9600, iyo ikuyankha mu NMEA pa 4800. Ndinakumbukira sabata yanga yoyamba kuno, agogo ena akundipatsa moni kuti "Mwe uli?" ine n'kungoti kukamwa yasa, tonse awiri tili ndi makutu abwinobwino. Ngati ndi mmodzi wa inu amene munkadinadina mabatani malemu akatembenuka, dziwani kuti munandidyera Loweruka langa.

Kusintha kwake ndi kophweka kwa munthu amene galasi lake likuoneka: pa Menu, SETUP, INTERFACE, n'kusankha GARMIN. Ine ndinkayenda ngati munthu wa mumdima. Mtima unali m'mwamba chifukwa pa Menu yomweyo pali WAYPOINTS, ndipo m'kati mwake muli DELETE ALL. Kudina kumodzi kolakwika kukanafufuta maulendo onse a malemu. Mnyamata uja ananditumizira zithunzi za buku la malangizo, ndipo ndinkawerenga kudina kulikonse mokweza ngati mwana wa Sitandade 1, mayi a kunyumba akundiunikira ndi tochi chapambali kuti zilembo zotsalazo zioneke. Nditamaliza, mizere ya mu HyperTerminal inaima. Ndinatseka HyperTerminal, popeza COM1 siigwiridwa ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi, n'kudinanso Find Device. Panatuluka mawu akuti eTrex.

Pa liwiro la 9600 pamadutsa zilembo pafupifupi 960 pa sekondi, ndiye ntchito imene inandidyera masiku anayi inatha tiyi asanazizire. Malo 187. Ndinawasunga ngati fayilo ya GPX, kuitulutsa mu XP kudzera pa shared folder, kuikopera pa mafulashi awiri, n'kuitumizanso ku Johannesburg. Kenako ndinakhala pansi kuwerenga mayina. MJIGO1, MJIGO2, MANDA, MLATHO, SUKULU. Pakati pa mndandanda panali KWATHU, zilembo 6 ndendende. Ndinaimirira kaye n'kutuluka panja.

M'munsi mwake munali MUNDA1 mpaka MUNDA5.

Aphunzitsi a Geography, chenjezo limodzi. Poyamba ndinaika manambalawo pa mapu akale a 1:50,000 amene timaphunzitsira map reading, ndipo mjigo unagwera m'dambo. Mapu akalewo anayezedwa pa Arc 1950, pamene fayilo ya GPX ndi mafoni athu zimayendera WGS 84. Kuno kwathu kusiyana kwake ndi mamita pafupifupi 300, amene pa mapu otero ndi mamilimita 6 okha, koma pamunda ndi minda ya mabanja angapo. Ndinasiya mapu a pepala n'kuika malowo pa foni.

Lamulungu masana ndinapita ndekha kumunda, foni ili m'manja. MUNDA2 ndi MUNDA3 anagwera kutsidya kwa kamtsinje ka lero, motsatira kakhwawa kouma kamene kankaoneka pang'ono pansi pa matope. Alamu ankanena zoona. Koma nditakwera kumtunda kukafuna MUNDA5, foni inandiimitsa pakati pa chinangwa cha alamu, mapazi oposa 30 ndisanafike pamene iwo amati ndi malire. GPS yamtunduwu imatha kuphonya ndi mamita 15, ndipo zisanafike mu Meyi 2000, pamene boma la America linasiya kusokoneza dala uthenga wa masatelayiti kwa anthu wamba, inkaphonya mpaka mamita 100. Ndinayesa kukankhira vutolo pa kuphonyako, koma masamu anakana. Zinaoneka kuti chaka ndi chaka mizere ya chinangwa inkasendera pang'onopang'ono kulowa kwa oyandikana nawo omwe aja, popanda wina kuzindikira.

Ndikuuzani chilungamo, anzanga. Fayilo ya GPX ndi mawu wamba, imatseguka ngati kalata. Usiku umenewo ndinaitsegula, n'kuyang'ana mizere ya MUNDA5 nthawi yaitali. Kuifufuta inali ntchito ya masekondi awiri, ndipo m'mudzi monse palibe amene akanadziwa. Alamu ndi amasiye, ana ali pasukulu, ndipo kondowole wawo amachokera m'chinangwa chimenecho. Chimene chinandigwira dzanja ndi ichi: malo asanu aja anali umboni chifukwa anawayenda ndi malemu, nthawi imene kunalibe mkangano. Ndikanachotsapo amodzi, anayi otsalawo akanasanduka mawu anga, a munthu amene wasankha mbali. Ndipo fayilo yonse inali kale ku Johannesburg, m'manja mwa mwana amene ndinkamulanga akabera mayeso.

M'mawa ndinapita kwa alamu kukawauza zonse ziwiri, chabwino ndi choipa. Anakhala chete nthawi yaitali akusenda chinangwa. Kenako anati, "Ngati ndi mmene anayendera anzanuwo, kaneneni zonse, alamu. Chinangwacho ndidzazula chikakhwima."

Mlandu unamvedwa mu Okutobala pansi pa mtengo wa mango. Zambiri zinalankhulidwa m'Chitonga, ndipo pamene changa chinaperewera, mphunzitsi wina wachinyamata wa konkuno anandithandiza. Ndinafotokoza kuti kachipangizoka sikangaloze phazi lenileni la malire, kangangonena kuti ndi chapano. Amfumu anati zili bwino, kameneka tikatenga ngati mboni imodzi, oweruza ndi anthu. Tinanyamuka tonse kukayenda mundawo. Pa MUNDA2 ndi MUNDA3 akuluakulu awiri anazindikira khwawa lakale, wina n'kukumbukira pamene ankatchera mono. Pa MUNDA5 ndinanena zimene foni inkaonetsa, ndipo oyandikana nawo aja, amene anabwera atakonzeka kukana chilichonse chotuluka m'makina, anayamba kumvetsera. Chigamulo chinali chakuti kumunsi malire atsatire khwawa lakale, kumtunda alamu abweze chigawo chija akakolola. Palibe amene anapita kwawo akuvina, koma Disembala itafika aliyense anadzala mbali yake.

Patatha sabata, mnyamata wa ku Joni uja anandilembera kuti, "Sala, musakwiye. Ndapeza kuti pali pulogalamu yaulere ya GPSBabel imene imayenda pa Ubuntu. Mukanangolemba mzere umodzi, osafuna XP." Mzere wake ndi uwu: gpsbabel -w -i garmin -f /dev/ttyUSB0 -o gpx -F malo.gpx. Ndinauyesa, ndipo malo 187 omwe aja anatuluka. Ndinaseka mpaka misozi. Komabe brltty, dialout ndi NMEA zikanandidikirira panjira imeneyonso, ndiye masiku anayi aja sanapite pachabe onse.

Kwa amene muli ndi zida zakale za serial zimene pulogalamu yake imafuna Windows yakale, monga ma data logger a mu labu kapena masikelo, nayi ndondomeko mwachidule:

1. Lumikizani adaputa musanayatse virtual machine, ndipo onani sudo dmesg. Werengani zimene yalemba.
2. Ngati ttyUSB0 ikuoneka n'kusowa, fufuzani amene akuilanda.
3. Lowani m'gulu la dialout, ndiponso la vboxusers ngati mwasankha njira ya USB. Tulukani n'kulowanso.
4. Sankhani njira imodzi, USB filter kapena Host Device, osati zonse.
5. Mukazula adaputa n'kubwezera, dzina limatha kusintha kukhala ttyUSB1. Dzina losasintha mulipeza mu /dev/serial/by-id.
6. Yesani ndi kawaya pa 2 ndi 3 musanaimbe mlandu chipangizo chanu.
7. Onetsetsani kuti liwiro ndi chilankhulo n'zofanana mbali zonse ziwiri.

Chimene chikundivutitsabe maganizo n'chakuti ntchito ya malemu ya zaka zingapo inakhala m'kabokosi kamodzi, m'sutikesi, m'nyumba yofolera malata odontha. Galasi likanafa lonse GPS ili pa NMEA, sindikanatha kuisintha, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. M'masukulu mwathu muli zinthu zambiri zotere: mafulopi a malikisi akale, ma hard disk a makompyuta akufa, mafoni a anzathu amene anatisiya. Timati zinasungidwa, chonsecho zili malo amodzi okha, ndipo zingwe zoziwerengera zikusowa chaka ndi chaka. Tchuthi chikubwerachi tsegulani makabati aja, mukopere zimene zingakopedwe. Ine malo 187 aja ndawasindikizanso papepala, kope imodzi kwa alamu, ina mu laibulale.

Pomaliza, pempho kwa inu a kalabu ya 2008 ndi 2009. Pali mayina amene andikanika. NYOKA2 ndikutha kuganiza, ngakhale NYOKA1 palibe. Koma GWA, MADAM ndi OSANEN sindikudziwa kuti kunachitika chiyani, ndipo onse atatu ali pafupi ndi mlatho. Amene munalipo ndilembereni, chilango chinatha ntchito. Ndikufuna chaka chino nditenge a Fomu 3 tikayendenso njira yonse ija, ndipo ndingakonde kukhala ndi choti ndiwauze tikafika pamalo aliwonse.